Dzina la Kaho Pansi pa Tchati

Pasukulu pathu mwana asanatsegule pakamwa, yankho lake limakhala litadindidwa kale. Sindikunyoza ayi, ndi mmene ntchito imayendera. Chaka chilichonse mpunga ukangochoka m'minda, mphunzitsi mmodzi amaphunzitsa phunziro lachionetsero pamaso pa aphunzitsi a sukulu zonse za m'dera lathu, ndipo pulani ya phunzirolo imalembedwa kudakali miyezi itatu. Kumanzere kwa pepala mumalemba zomwe mudzanene inu. Kumanja mumalemba zomwe adzanene ana. Kenako pulaniyo imayenda tebulo ndi tebulo, aliyense akuikapo chidindo chake chofiira, moti pofika kwa a hedi imaoneka ngati yadwala chikuku.

Chaka chimenecho maere anagwera ine, Tokunaga, wa kalasi yachisanu. Ndinali nditaphunzitsa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo mbiri yanga inali yoti sindinatsutsepo munthu pamsonkhano. Anzanga amati ndi ulemu. Mkazi wanga amati ndi tulo.

Nkhani yomwe tinkawerenga inali ya m'buku la ana. Mtsikana wina, Fumi, wadikira chaka chonse ulendo wa sukulu wokakwera chombo. Tsiku litakwana mlongo wake wamng'ono wadzuka thupi likutentha, mayi awo sangajombe kuntchito, ndiye Fumi watsala. Madzulo mwana uja wapezako bwino, wamujambulira chombo papepala, ndipo Fumi wamwetulira. Yathera pomwepo. Buku la aphunzitsi limati ana ayenera kuona mmene mtima wa Fumi wachokera pa chisoni n'kufika pa chimwemwe chothandiza ena.

Pa nkhani zotere ine ndimagwiritsa tchati. Ndi chipepala chachikulu chomwe ndimapanikiza pabolodi, chokhala ndi mzere pakati. Pamwamba pa mzere ndi mtima wokondwa, pansi ndi mtima wowawa, ndipo kuchokera kumanzere kupita kumanja ndi zigawo za nkhani. Mwana aliyense ali ndi kamaginito kolembedwa dzina lake. Tikawerenga chigawo, amabwera mmodzimmodzi kudzaika dzina pomwe akuona kuti mtima wa munthu wa m'nkhaniyo uli. Lamulo ndi limodzi lokha: ika pomwe ukufuna, koma utisonyeze mawu a m'buku amene akufikitsa pamenepo. Ndinayamba zimenezi nditatopa ndi kuchonga zolemba makumi atatu zonena kuti nkhaniyi yandiphunzitsa kukhala munthu wabwino. Mwana amene ndime imamuvuta, dzina lake sililemera kunyamula.

Lachiwiri tinawerenga chigawo chomaliza. Mayina anayenera kukhala pabolodi mpaka Lachisanu, tsiku la alendo, pomwe ana akanafotokoza chifukwa chomwe Fumi anakondwera. Kumanja kwa pulani kunali kale zifukwa zitatu. Mayina makumi awiri ndi asanu ndi atatu anakwera pamwamba n'kundanda ngati mbalame pa waya.

Anatsala ndi Kaho, mtsikana amene amakhala pafupi ndi windo. Chiyambire chaka cha sukulu mu Epulo, mawu ake omwe ndinkawadziwa anali akuti "ndilipo" poitana mayina, basi. Mayi ake amayamba ntchito kufakitale ya nsomba kusanache, ndiye amene amadzutsa alongo ake awiri, kuwadyetsa, kuwaveka ndi kukawasiya kumkombaphala ndi iyeyo. Nthawi zina ankafika belu litalira, njere za mpunga zili pamkono wa juzi. Izi ndinkazidziwa monga mmene aphunzitsi timadziwira zinthu: zolembedwa bwinobwino m'fayilo, osachitapo kanthu.

Kaho anayenda mosafulumira, anayang'ana mayina aja, kenako anawerama n'kuika lake pansi penipeni, kunja kwa pepala, pabolodi lopanda kanthu pafupi ndi pomwe pamakhala choko.

"Aphunzitsi, Kaho wagwa," anatero Genta, mnyamata amene mawu ake amamveka mpaka kuofesi. Kalasi inaseka.

Ndinamufunsa Kaho ngati dzinalo laterereka. Anati ayi, waika dala. Ndinamuuza kuti pepala lathera pamwambapo.

"Ndiye kuti n'laling'ono," anatero.

Ndinamukumbutsa lamulo lija, ndikuganiza kuti zithera pomwepo. Koma anatenga buku lake n'kuwerenga mzere umodzi wa kumapeto, mawu ali pansipansi: Fumi atamwetulira anabwerera kukhitchini, anatenga mbale imene anali atatsuka kale, n'kuyambanso kuitsuka.

"Munthu wokondwa satsuka mbale kawiri," anatero, n'kukakhala pansi.

Nkhani imeneyi ndinali nditaiphunzitsa kakhumi ndi kamodzi. Mbale imeneyo ndinali ndisanaionepo. Ndinatenga lumo, ndinadula kachidutswa ka pepala, ndinakamata kunsi kwa tchati kuti dzina lija likhale ndi pokhala. Tchati changa chinamera mchira.

Lachitatu ana ataweruka analowa a Ebihara, achiwiri kwa a hedi. A Ebihara ndi munthu amene akamayenda m'khonde amagwira mapepala pachifuwa ngati wanyamula khanda la mfumu. Chaka chimenecho ankadikira kachitatu mayeso a uhedi, ndipo mutu wa kafukufuku wa sukulu yathu anaulemba okha ndi burashi ya inki n'kuupachika polowera: Kulera ana olankhula maganizo awo momasuka. Anaima patsogolo pa bolodi, anayang'ana mchira uja, anatsegula pulani, anayang'ananso mchira.

"A Tokunaga, yankho ili lili pati m'pulani?"

"Mulibe, bwana."

"Nanga lachokera kuti?"

"Kwa mwana."

Anandiyang'ana ngati ndanena kuti ndalitola m'ngalande. Kenako anakhala pakampando ka mwana, mawondo ali m'khosi, n'kuyamba kundifotokozera modekha. Anati iwo sakutsutsa zoti ana azimasuka, ndipo ine ndikudziwa amene analemba mutu uja. Koma Lachisanu kukubwera alangizi a Kuramochi a ku ofesi ya maphunziro, amene anathandiza nawo kulemba buku la aphunzitsi lomwelo, ndiye sitingawaitane kuti adzamve mwana wa zaka khumi ndi chimodzi akuwauza kuti sanawerenge bwino. Anati kumasuka kuli ndi malire ake, ndipo malirewo ndinajambula ndekha podula pepala. Anati ndimutsogolere mwanayo mwachikondi mpaka aone yekha kuti dzina lake likufuna kukwera. Mchira uchoke.

Ndinayankha kuti ndamva. Mawu amenewa andisunga pantchito zaka zambiri, chifukwa sanena kuti ndichita.

Kuofesi ya aphunzitsi, mayi Hirayama a kalasi yachisanu inayo anali atamva kale. Iwo anaphunzitsa phunziro lomwelo sabata yapitayo pofuna kuyesa pulani yanga, monga mwa mwambo, ndipo mayina awo onse anakwera bwinobwino. Anandiuza kuti nawonso anali ndi kamnyamata kena komwe kanayamba kuwerama, koma anangokayang'ana n'kukhosomola, kanaongoka.

"Inu mwatani, achimwene? Mano anzeru akumera pano?" anatero akundithirira tiyi. "Dikirani mupume kaye pantchito, muzikatsutsana ndi wailesi ngati anzanu."

Ndinene zoona, Lachinayi ndinayesa. Pa nthawi yokolopa, ana ali mbwee ndi nsanza zawo pansi, ndinatenga nsanza yanga n'kukagwada pafupi ndi Kaho. Ndinayamba ndi kuyamikira kuti anawerenga mozama. Ndinapitiriza kuti nkhani imakhala ndi mbali zambiri. Ndinali ndikufika pa mawu akuti komabe pamene iye anandidula, maso ali pansanza.

"Mukufuna ndilikweze dzina lija?"

Ndinafinya nsanza yanga.

"Kwezani nokha, aphunzitsi. N'lopepuka."

Ananena zimenezi popanda mkwiyo, ngati munthu amene akukulozerani pomwe pali tsache. Pamenepo ndinaona mmene zikanathera. Sakanalira, sakanakanena kwa mayi ake. Akanangoliona dzina lake lili pamwamba, n'kubwerera ku "ndilipo" wake mpaka tsiku lotsanzikana, atadziwa kuti lamulo la aphunzitsi a Tokunaga limagwira ntchito pokhapokha kulibe alendo. Ndinamuuza kuti ndinangobwera kudzanena kuti pakona paja sipanayere. Anapayang'ana. Panali poyera.

Lachisanu ndinavala suti yanga ya kumaliro, imene ndi yokhayo imandikwanabe. Titadya chamasana ana anatuluka kukasewera, ine ndinapita kukalonjera alendo polowera. Anabwera anthu makumi anayi, aliyense akuvula nsapato n'kuvala masilipasi obiriwira a sukulu, amene amamuchepetsa munthu ngakhale akhale ndi udindo wotani. Alangizi a Kuramochi anali wamtali, wa imvi zopesedwa bwino, ndipo zidendene zawo zinkatsalira kunja.

Nditalowa m'kalasi, alendo akundanda kale kumbuyo ndi m'mbali, ndinapeza mchira palibe. Munthu wina anali ataupindira kuseri kwa tchati n'kuumata ndi tepi mwaluso kwambiri. Dzina la Kaho linali litakwera, osati pamwamba penipeni, koma pansi pang'ono pa anzake, pomwe munthu angati mwanayu ali ndi maganizo akeake koma ndi womvera. A Ebihara anali pakhomo, mapepala ali pachifuwa, akuyang'ana kudenga.

Kaho anali ataona. Anayang'ana bolodi kamodzi, kenako anatembenukira kuwindo.

Ana anaimirira, anawerama, anakhala. Zolembera makumi anayi zinadikira. Mzere woyamba kumanzere kwa pulani unkati ndinene kuti tiyeni tikumbukire zomwe tinaphunzira. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zimenezo, koma zomwe zinatuluka n'zakuti aliyense ayang'ane dzina lake, aone ngati lili pomwe analisiya.

Ndinamva mapepala akutembenuzidwa kumbuyo, alendo akufunafuna funsolo. Kaho sanatembenuke.

"La Kaho lakwera lokha," anatero Genta.

Ndinati n'zoona, maginito a pasukulu pano nthawi zina amakwera pa nthawi ya chakudya, ndipo nkhaniyi tidzaifufuza. Kenako ndinagwada. Mawondo anga analira kuti kalasi yonse imve. Ndinapisa dzanja kuseri kwa tchati n'kuyamba kumatula tepi, ndipo amene anaimata sanaumire, inali mizere inayi. M'chipinda cha anthu pafupifupi makumi asanu ndi awiri munkangomveka tepi yokha. Mchira unagwa n'kulendewera, uli ndi makwinya. Ndinadzuka pogwira tebulo, ndinachotsa kamaginito kaja, ndinapita nako pa desiki ya Kaho n'kukaika pamenepo.

"Dzina lako linasochera," ndinatero. "Pamwamba malo alipo, pansi malo alipo. Ndi lako."

Analiyang'ana nthawi yaitali ndithu, moti ndinayamba kuganiza kuti ndagwadira pachabe. Kenako anakankha mpando. Anadutsa pakati pa madesiki, anawerama, analiika pamchira, kumapeto kwenikweni. Sindinamufunse chifukwa. Anatsegula yekha buku ali chiimire n'kuwerenga za mbale ija, ulendo uno mokweza kuti a kumbuyo amve.

Zomwe zinatsatira sizinali kumanja kwa pulani. Genta anati kumwetulira ndi kumwetulira, wolemba akanafuna kuti Fumi alire akanamuliritsa. Mtsikana wina anayankha kuti mayi ake amamwetulira tsiku lonse abale a bambo ake akabwera pa chaka chatsopano, ndipo akachoka amatsuka mpaka chitofu. Alendo angapo aakazi anaweramira m'mapepala awo. Mnyamata wina anapeza kuti Fumi sanayankhe kanthu atalandira chithunzi chija, ndipo anafunsa kuti munthu wokondwa angalephere bwanji kunena zikomo. Wina anati mwina anasowa chonena chifukwa chokondwa kwambiri. Anayamba kudzuka osapempha. Mayina asanu ndi limodzi anatsika, awiri mwa iwo anakweranso, ndipo mwana wina anaika lake pa mzere wapakati n'kunena kuti mtima ukhoza kugwira ziwiri nthawi imodzi ngati timitengo tiwiri timene timadyera mpunga. Genta sanasunthe. Anati iye anakwerapo chombo chimenecho, anasanza ulendo wonse, ndiye Fumi anapulumuka.

Ine ntchito yanga inali kungofunsa kuti tsamba liti, mzere uti. Belu linalira ndisanalembe mawu omangira phunziro, amene m'pulani anali m'bokosi lofiira.

Ana akulongedza, a Kuramochi anapita pa desiki ya Kaho n'kupinda msana wawo wautali. Anamufunsa mwaulemu, ndi mawu omwe akuluakulu amasungira ana ndi odwala, ngati sakuganiza kuti Fumi anakondwa kuti mlongo wake wachira.

"Anakondwa kuti wachira," anatero Kaho. "Sanakondwe kuti watsala. Inu mwafunsa chimodzi chokha."

A Kuramochi anaongoka pang'onopang'ono n'kulemba kanthu.

Msonkhano wounika phunziro unachitikira m'laibulale, pali tiyi ndi timakeke ta nyemba. A Ebihara anatsegula ndi kupepesa, ndipo anapepesa bwino kwambiri, moti wina akanaganiza kuti denga lagwera alendo. Aphunzitsi achilendo anayankhula mosamala, aliyense akudikira kuona komwe mphepo ilowere. Mphepo inayankhula pomaliza, kwa mphindi makumi atatu ndi zisanu. A Kuramochi anayamikira ukhondo wa kalasi ndi kalembedwe kanga ka pabolodi. Kenako anati phunziro linataya cholinga, ana anatuluka osadziwa chomwe aphunzira, ndipo kachidutswa komatidwa kunsi kwa tchati ndi umboni woti mphunzitsi sanawadziwe ana ake pokonza pulani. Anati maganizo a mwana mmodzi ndi amtengo wapatali, n'chifukwa chake sayenera kuloledwa kusokoneza ena. Za mbale sanatchule.

Mwambo wake ndi woti wophunzitsa aimirire pomaliza, athokoze ndi kuvomera zofooka zake. Ndinaimirira, ndinawerama mpaka pomwe msana umalola. Ndinathokoza alangizi chifukwa cha mawu awo ozama. Ndinati akunena zoona, kulakwa konse ndi kwanga: sindinawadziwe ana anga, ndipo ndinadula pepala laling'ono. Ndinalonjeza pamaso pa onse kuti chaka chamawa ndidzadula lalitali.

Mayi Hirayama anatsamwa ndi tiyi. Wolemba zokambirana anandiyang'ana, anayang'ana a Ebihara, kenako analemba kuti wophunzitsa anavomera zofooka zake.

Lolemba mmawa a Ebihara anandipeza ndisanavule nsapato. Sanakweze mawu. Anati zapitazo zapita, iwo sasunga zinthu kukhosi, ndipo pempho lawo ndi limodzi: nkhani ya Fumi yatha, choncho bolodi liyeretsedwe lero, maginito abwerere m'bokosi. Ndinaona nzeru yake. Maginito akachoka, pepala limatsala loyera, ndipo palibe angadziwe kuti ndani anaima pati.

Ndinayankha kuti ndamva, ndipo ulendo uno ndinachitadi. Koma pasukulu pathu tchati chikatha ntchito sichitayidwa. Chimapachikidwa pakhoma la m'mbali mpaka teremu ithe, kuti ana aziona pomwe adutsa. Khoma limenelo ndi lamatabwa, maginito sagwira. Ndiye pa phunziro loyamba ndinatulutsa bokosi la zolembera zakuda zija timalembera pamakatoni, ndinauza ana kuti aliyense achotse maginito ake, ndipo pamalo pomwe panali maginitopo alembepo dzina lake ndi dzanja lake. Amene akufuna kusintha malo asinthe tsopano, chifukwa inki imeneyi ilibe chisoni.

Anabwera mmodzimmodzi. Genta analemba lake pamwamba penipeni, zilembo zazikulu ngati za pasitolo. Atatu anasintha, wina kukwera, awiri kutsika. Kaho anasankha cholembera chonenepa kuposa zonse, anagwada pansi, anagwira mchira uja ndi dzanja lamanzere kuti usagwedezeke, n'kulemba mosathamanga, chilembo ndi chilembo.

A Ebihara anali akudutsa m'khonde, mwangozi monga mwa masiku onse. Anaima pakhomo. Anandikodola, n'kundifunsa chapansipansi ngati inki imeneyo imafufutika.

"Ayi, bwana."

Anaima pang'ono, anakonza mapepala awo pachifuwa, anapitirira.

Tinanyamula tchati anthu anayi n'kuchikhomera kukhoma ndi timisomali. Mchira unafika pafupi ndi pansi, moti ana anagwirizana okha kuti wokolopa mbali imeneyo azisamala madzi. Nditabwerera kutsogolo ndinawauza kuti Lachitatu tiyamba nkhani yatsopano, ya patsamba 84, ndipo asaiwerenge mothamanga. Kaho anakweza dzanja. Kalasi yonse inatembenuka, chifukwa dzanja limenelo linali lisanakwerepo.

"Ndaiwerenga kale," anatero. "Nayonso sindikugwirizana nayo."

Ndinamuuza kuti adikire Lachitatu ngati anzake onse.